Mmene Ndinaberekera Bambo Arne pa Chitenje

Chisomo ndi Mphatso, ana anga, mwakhala mukundifunsa za chithunzi chija chili pashelefu m'chipinda chochezera, ndipo ndimakuyankhani mwachidule chifukwa ndikangoyamba kufotokoza mumatulutsa mafoni. Tsopano ndapuma ntchito, nthawi ndili nayo yambiri kuposa mano, ndiye ndalemba. Ndalemba m'Chichewa dala. Ngati mukufuna kudziwa chimene bambo wanu anachotsedwera ntchito ku South Bend, werengani pang'onopang'ono, pomwe pavute mufunse amayi anu.

2010, South Bend

Za ubwana wanga tizisiye, munalibe chachilendo. Ntchito yanga yoyamba inali yogulitsa kaunjika mu Limbe, zaka zoposa makumi awiri ndikusenza mabelo ndi kukangana mitengo. Kumeneko ndinatengako zinthu ziwiri: msana wolimba, ndi chikhulupiriro choti mtengo womaliza kulibe. Munthu akati "apa ndiye pomaliza," kukambirana kwayamba kumene. Akakanitsitsa, umatembenuka n'kumachoka pang'onopang'ono, makutu ali kumbuyo, ndipo usanaponde kasanu amakuitana yekha.

Amayi anu atapeza ntchito ya unamwino kuno, ndinawatsatira imvi zitayamba kale. Sabata yoyamba ndinalowa m'sitolo kukagula jekete ya nthawi yozizira, ndipo ndinauza mtsikana wa pakauntala kuti atsitseko pang'ono chifukwa ndine kasitomala watsopano. Anandiyang'ana mwachifundo n'kukaitana manijala, kuganiza kuti mwina ndasochera kapena ndadwala. Ndinachita zanga zija zochoka pang'onopang'ono. Ndinafika mpaka pamalo oimika magalimoto popanda wondiitana, mphepo ikundibaya m'mafupa, ndipo ndinabwerera ndekha kukagula pa mtengo womwewo.

Ntchito ndinaipeza kunyumba ina yosamalira okalamba kunja kwa tauni, kokwera mabasi awiri. Bwana wanga anali Mayi Gail, wamfupi, makiyi ali m'khosi ngati woyang'anira ndende, koma mtima wake wabwino. Kumeneko zonse zinali zoperewera: anthu ogwira ntchito, magolovesi, matawulo, ndipo makina onyamulira odwala analipo amodzi okha pa makonde awiri. Apa ndiye luso la ku Limbe linagwira ntchito. Ndinkapita khonde lina ndi matawulo n'kubwerako ndi magolovesi, ndinkasinthanitsa shifiti ya Loweruka ndi maola awiri a makina aja, ndipo Mayi Gail ankayang'ana kumbali. Koma pa chinthu chimodzi sankaseka. Tsiku lina anandipeza nditanyamula gogo wina m'manja kuchoka pabedi, poti makina anali kutali.

"A Filipo, muikeni pansi bwinobwino, kenako mubwere ku ofesi," anatero. Tili mu ofesimo anatseka chitseko. "Ndikudziwa kuti muli ndi mphamvu. Koma kuno munthu sanyamulidwa ndi msana. Mukadzaterereka naye, wathyoka iyeyo, mwapita inu, ndapita ine. Mwamva?"

"Nanga akakhala wopepuka ngati nkhuku?"

"Ngakhale akhale nthenga. Apa palibe zokambirana."

Chaka chotsatira agogo anu, amayi anga, anamwalira ku Thyolo. Mapepala anga anali asanakonzeke, ndikanapita sindikanabwerera. Makutu awo anali atatha kale, moti ndikawaimbira foni ankangofunsa kuti, "Wafika?" ine n'kumakuwa kuti ndinafika kalekale, iwo n'kubwerezanso, "Ukafika undiuze." Maliro awo ndinawamvera pafoni, nditaima pakati pa makina ochapira, kenako ndinapukuta m'maso n'kukadyetsa anthu chakudya chamasana.

2013, kunyumba ya Bambo Arne

Mayi Gail atasamukira ku kampani yotumiza osamalira odwala m'makomo, ananditenga. Anandipatsa Bambo Arne, mkulu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, kalipentala wopuma, wamtali koma wouma ngati nsungwi. Mutu unali bwinobwino, pakamwa posatopa, koma miyendo inali itawakana. Ndi choyendera chachitsulo ankaponda mwina kakhumi patsiku, kwinako pa njinga ya olumala. Mapazi amenewo ankawasunga ngati shuga wa kumapeto a mwezi. "Lero ndawononga anayi kupita kuwindo kukaona galu wa eni ake," ankatero. "Usandilole kuchitanso zopusa zotere, Filipo."

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Mayi Linda, ankagwira ntchito m'maofesi a boma ku Indianapolis. Ankaimba foni tsiku lililonse, ndipo chikondi chawo chinkabwera ngati malamulo: mchere ayi, masitepe ayi, kutuluka kukagwa sinowo ayi. Musawaone ngati munthu woipa. Amayi awo anamwalira atagwa m'bafa, ndipo mantha amenewo sanawachoke.

Tsiku lina ndikuwameta ndevu, Bambo Arne anandiuza za amayi awo. Anachoka ku Norway ali mtsikana, m'kamudzi ka kumapeto kwa fiyodi. Fiyodi, ana anga, ndi mkono wa nyanja yamchere wolowa kutali pakati pa mapiri. Amayi a mtsikanayo anamuperekeza mpaka pagombe n'kumuuza kuti akafika alembe. Analembadi, koma kalatayo inafika gogoyo ataikidwa kale m'manda, ndipo inabwezedwa yosatsegula. Mtsikanayo anakalambira ku Indiana, osabwererako.

"Kalatayo ndili nayo," anatero Bambo Arne. "Munthu uja mpaka lero sakudziwa kuti mwana wake anafika. Ndikufuna ndikamuuze."

Ndinaika lumo pansi n'kupukuta m'maso. Ndinanama kuti sopo wandilowa m'maso.

2015, pa sitima

Zinatenga zaka ziwiri kuti Mayi Linda alole. Anasankha ulendo wa sitima yapamadzi yaikulu yoyendera mafiyodi, poti mumakhala dokotala, zikepe ndi zitseko zotakata, ndipo inkaima tsiku limodzi pakamudzi kaja. Iwo sakanatha kuchoka kuntchito, choncho wopita ndinali ine, poti apa mapepala anga anali atakonzeka. Koma anabweretsa pepala, Mayi Gail ali pomwepo. Bambo atsike pokhapo pamene sitima yagunda doko n'kuyala mlatho. Pamene sitima yaima pakati pa madzi n'kumatsitsa anthu pa maboti, asatsike, aonere pakhonde. Ndipo asanyamulidwe ndi munthu. Ndinasaina. Sindinafunse kuti pakamudzi kajako doko lilipo kapena ayi. Ine amene sindinagulepo belo osalisuzumira m'kati, ndinasaina osafunsa.

Polongedza, amayi anu anakulunga nsapato zanga za kutchalitchi m'chitenje chawo chabuluu cha mbalame zachikasu chija. Ndinati, "Mayi a Chisomo, anthu akupita ndi masutukesi a mawilo, ine ndikatulutse chitenje pamaso pa azungu?"

"Tengani, bambo. Kukazizira mudzafunda m'khosi. Mesa inu mumalira ndi kamphepo kalikonse?"

Sitimayo, ana anga, siinali sitima, inali tauni yoyandama. Nyumba zosanjikizana kuposa za pakati pa South Bend, malo odyera osawerengeka, sitolo, holo ya zisudzo, dziwe losambira pamwamba penipeni pomwe anthu ankadziviika m'madzi otentha mphepo ikuomba. Masiku awiri oyamba ndinkasochera, makonde onse ofanana, ndikukankha njinga uku Bambo Arne akulamula ngati kaputeni, "Kumanzere! Ayi, kumanzere kwinako!" Chakudya chinali chongodzitengera kuyambira m'mawa. Ndinafunsa wogawa mbale kuti kubwereza ndi zingati, anati n'zaulere, ndipo ndinamva ngati andibera, poti panalibe choti nditsitse. M'sitolo ndinayesa kunenerera chipewa chaubweya, koma kumeneko ndalama sagwira n'komwe, amangogunditsa khadi ya chipinda. Munthu ungakangane bwanji ndi khadi?

Amene ankakonza kachipinda kathu anali a Tembo, bambo wa ku Chipata. Tsiku loyamba anandimva ndikung'ung'udza ndekha posaka sokosi, anaima pakhomo n'kunena kuti, "Achimwene, mwachokera kuti?" Ndinatsala pang'ono kumukumbatira. Iyeyo ndi amene anandionetsa kuti sitima ili pawiri. Pamwamba pali ife a matawulo opindidwa ngati nkhunda, pansi pa madzi pali iwo, m'tizipinda topanda mawindo, miyezi yambiri osaona ana awo. "Mapiri amenewa ndimawaonera pa mawindo a makasitomala ndikamapukuta," anatero akuseka. Ndinamumvetsa. Nanenso ndinali wantchito, kungoti anandigoneka pamwamba.

Za mafiyodi ndilephera kukufotokozerani mokwanira. Tinadzuka m'mawa wina sitima ikuyenda mwakachetechete ngati ikuopa kudzutsa wina, mbali zonse ziwiri makoma a miyala atalunjika kumwamba, sinowo ali pansonga pakati pa chilimwe chawo. Mathithi ankatsika ngati ulusi woyera, madzi ali bii, osagwedezeka. Chisitima chija chinasanduka kachidole. Apo ndi apo, pamwamba pa phompho, kanyumba kofiira kali kokhakokha, ine n'kumadzifunsa kuti mchere ukatha amakapempha kwa yani. Bambo Arne anakhala pakhonde tsiku lonse akuyang'ana mapiriwo, bulangete lili m'miyendo.

Madzulo a tsiku lachisanu, dzuwa likadali pamwamba poti kumeneko limakana kulowa, a Tembo anabweretsa pepala la ndondomeko ya mawa. "Kamudzi kanu kaja ndi mawa," anandiuza. "Koma doko kulibe. Tiponya nangula, anthu apita pa maboti."

Bambo Arne Chinyanja sankamva, koma nkhope yanga anaiwerenga. Nditawafotokozera anangoti, "Linda ankadziwa. Ndiye chifukwa chake analola." Sanakalipe. Sanandipemphe kuti ndiwatsitse. Anatulutsa kalata ija m'thumba la jekete, yachikasu ndi ukalamba, n'kundipatsa. "Iwe ukhoza kutsika. Ukaisiye pamandapo. Dzina ndikulembera."

Apa ndiye panali nkhani. Kutumidwako kunali kosavuta, ndipo ntchito yanga ikanakhala yotetezeka. Inu nonse munali kusukulu, ndipo pa msinkhu wanga ntchito siipezeka ngati tomato. Ndinali nditasaina ndi dzanja langa. Komanso akanagwa pakati pa sitima ndi boti, ndikanamuuza chiyani mwana wawo? Koma kwathu uthenga wotere satumira mlendo. Munthu wabwera ulendo wonsewu, mudzi wa amayi ake uli apo, akuuona ndi maso, ndiye angodutsa ngati basi? Ine ndinali nditalawa kale kumvera maliro patali. Ndinawabwezera kalatayo.

"Bambo, lero mwaponda kangati?"

"Kawiri."

"Basi, musapondenso. Mawa tidzawafuna onse."

M'mawa tinatsikira kukhomo la m'munsi kumene maboti amafikira. Pakhomopo panali ofisala wamkazi wovala zoyera, wayilesi m'manja. Ataona njinga anapukusa mutu. Anati wokwera boti ayenera kuwoloka yekha ndi miyendo yake, antchito amangogwira mkono, sanyamula munthu. Ndinayamba ntchito yanga. Ndinayamikira yunifomu yake. Ndinanena za msinkhu wa bambowo, za agogo awo, za kutalika kwa Indiana. Ndinati madzi ali phee ngati tiyi wa m'kapu. Ndinati tipite pomaliza, anthu onse akatha. Iye ankangoti, "Pepani, bambo, lamulo ndi limenelo." Ndiye ndinatulutsa chida changa chomaliza. Ndinatembenuza njinga n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono, makutu ali kumbuyo. Kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, kasanu. Zii. Mayiyo anali atayamba kale kuthandiza ena.

"Filipo, ukupita nane kuti?" anafunsa Bambo Arne. "Mayiyu sananene kuti ayi. Wanena kuti ndiwoloke ndekha. Tabwerera, wamalonda iwe."

Tinabwerera. Anagwira choyendera chawo, anadzuka, mawondo akugwedezeka ngati a mwana wa ng'ombe wobadwa kumene. Anaponda kamodzi, kawiri, katatu mpaka pamphepete. Boti linkakwera n'kutsika pang'ono. Anasiya choyendera, amalinyero awiri anawagwira mikono, anadikira boti likwere, n'kuponya mwendo. Anawoloka. Ofisala uja anawachitira sawatcha, ine ndikutsatira ndi njinga yopinda, thukuta lili kamukamu m'dziko lozizira.

Kumtunda ndinaganiza kuti zovuta zatha. Kamudziko kanali ka nyumba zamatabwa zochepa ndi sitolo za alendo. Tchalitchi choyera chinali pamwamba pa chitunda, manda atachizungulira. Msewu wa galimoto unkazungulira kutali, ndipo tigalimoto tochepa ta pamenepo tinali titatengedwa kale ndi anzathu ofulumira. Njira yachidule inali ya masitepe amiyala, otsetsereka, osatheka njinga. Bambo Arne anayang'ana m'mwamba, nayang'ana miyendo yawo. Mapazi otsalawo anali obwererera pa boti.

"Tafika pafupi," anatero. "Pafupi n'pokwanira."

Chitenje chija chinali m'khosi mwanga, monga ananenera amayi anu. Ndinachivula n'kuchikung'untha. Lamulo loyamba ndinali nditaswa kale, lachiwiri linali kundiyang'ana.

"Bambo, kwathu mwana akatopa sitimusiya panjira. Gwirani m'khosi mwangamu."

"Ine ndine mwana?"

"Lero ndinu mdzukulu. Mukupita kwa agogo."

Ndinagwada chofulatira, anandikoleka manja, ndinaponya chitenje kumbuyo kwawo, ndinachikokera pansi pa matako n'kumanga mfundo pachifuwa. Kubereka ndinkangoonera kwa azimayi, ndipo mfundo yoyamba inamasuka, moti ndinamanganso kawiri ngati ndikumanga belo. Ndinadzuka. Anali opepuka kuposa belo la majekete, koma miyendo yawo italiitali inkalendewera mpaka m'mawondo mwanga. Alendo anapatuka, ena akuseka, ena akujambula. Bambo wa imvi wa ku Thyolo, mbalame zachikasu pachifuwa, atabereka mzungu wa chipewa. Ndinakwera ndikupumira pa masitepe khumi alionse, iwo akundilankhula m'khutu, "Amayi ankati apa ankatsika ndi ndowa ya mkaka. Samala, hatchi yanga, mwala uwo ukugwedera."

Manda tinawapeza pafupi ndi mpanda, mwala waung'ono wa ndere, dzina likuwerengeka movutikira. Ndinafuna kuwatsitsa, koma panalibe pokhala ndipo udzu unali wonyowa. Choncho ndinangotembenuka chammbali kuti aone bwino, ali kumsana komweko. Anavula chipewa. Ananena mawu ochepa m'chilankhulo cha amayi awo, mawu amene anakhala akuwayeserera zaka zonsezi. Kenako anabwereza m'Chingerezi, mwina kuti nanenso ndimve.

"Agogo, mwana wanu anafika bwino. Anakwatiwa, anabereka ine. Anakhala moyo wautali. Ankakukumbukirani."

Ndinamva kunyowa pakhosi panga, ndipo sikunali mvula. Ndinawerama, iwo anatambasula dzanja n'kulowetsa kalata ija pansi pa kamwala. Ndinalira nawo, ndipo sindinanamizire sopo.

Tinatsika bwino, anawoloka bwino, mapazi anakwanira ndendende. Mawa lake ndikudutsa pakhonde lomwe wojambula wa m'sitima amapachika zithunzi zogulitsa, ndinadziona ndili pakati penipeni, chitenje chikuonekera bwinobwino. Umboni! Ndinafuna kuchigula kuti ndichibise. Mtengo wake unandiwawa, ndiye mwachizolowezi ndinanenerera, anakana, ndinachoka pang'onopang'ono. Pobwerera ndinapeza palibe. Bambo Arne anali atatuma a Tembo kukagula ziwiri.

2015 mpaka 2019, Indianapolis

Mayi Linda anatichingamira pabwalo la ndege. Tisanafike n'komwe pagalimoto, bambo awo anatulutsa chithunzi monyadira ngati satifiketi. Mayiyo anachiyang'ana nthawi yaitali, nkhope itayera. Sanandikalipire. Anangoti, "Mukanaterereka?" Funsolo linali loona.

Lolemba Mayi Gail anandiitana. Chithunzi chinali patebulo. Bambo Arne anali ataimba kale foni katatu kundichonderera, koma kampani inali itamva, ndipo pepala linali ndi dzina langa.

"A Filipo, ndinakuuzani chiyani chaka choyamba chija?"

"Ngakhale akhale nthenga."

"Ndiye mukufuna ndichite chiyani?"

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinanenerere. Mtengo ndinkaudziwa ndisanagule. Ndinapereka baji yanga. Pondiperekeza pakhomo anandigwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Mfundoyo munamanga bwanji kuti isamasuke?"

Miyezi inayi ndinakhala pakhomo, ndipo mukukumbukira kuti inali yowawa. Amayi anu sanandinene, kupatula kudandaula kuti chitenje chawo ndinachiwononga pochikoka. Kenako iwo anapeza malo pachipatala china ku Indianapolis, tinasamukira ku Beech Grove, ine n'kulowa ntchito yokankha odwala pa mabedi a mawilo kuwapititsa kojambulidwa. Ndinaigwira mpaka kupuma, osanyamulanso munthu. Bambo Arne ndinkawayendera pa basi mwezi ndi mwezi ngati mnzanga, wondiletsa panalibe.

Anamwalira patatha zaka ziwiri, ali m'tulo. Kumaliro, pakhomo la tchalitchi, panali tebulo la zithunzi za moyo wawo, ndipo chachikulu pakati chinali chija. Mayi Linda anandipeza nditaima pamenepo. Anati, "Ndikanakhala pamenepo ndikanakuletsani, ndipo lero ndikanakuletsaninso. Koma zaka ziwiri zonsezi sanakambe nkhani ina." Anatulutsa chithunzi chachiwiri m'chikwama. Kumbuyo kwake bambowo analemba ndi dzanja lonjenjemera kuti, "Kwa hatchi yanga." Ndicho chili pashelefucho.

Nditangopuma ntchito ndinakwera ndege kupita kwathu, ulendo uja munkati ndikukawononga nthawi. Mapepala anali atakonzeka kalekale, chimene chinkandigwira chinali manyazi a munthu amene sanaike amayi ake. Mlongo wanga ananditsogolera kumanda, kuseri kwa minda ya tiyi. Panalibe masitepe, panalibe ofisala, panalibe wondibereka. Ndinavula chipewa chaubweya chija ndinagula pa mtengo wonse, ndinagwada, ndipo poti makutu awo ndinkawadziwa, ndinakuwa mpaka othyola tiyi anatembenuka.

"Amayi, ndinafika!"